Khosi ndi mkanda

Madzulo a pa 25 mwezi uliwonse, ana akamaliza kutsuka mbale, mayi wina wa ku Nkulumane mumzinda wa Bulawayo amatulutsa kope lachikuto cholimba limene amalisunga pansi pa nsalu za patebulo, n'kukhala nalo kukhitchini. Tsamba lililonse la kopelo analigawa patatu. Pamwamba pa danga loyamba analemba kuti "Zawo", lachiwiri "Zanga", lachitatu "Zotsala". Zawo ndi madola 317 a ku America amene banki imadula yokha pa malipiro ake. Zanga ndi madola 100 amene iye amawonjezerapo popanda womukakamiza. Zotsala ndi ngongole ya nyumba imene iye, amayi ake okalamba ndi ana ake awiri akugonamo.

Ku ofesi mayiyu amalankhula Chingerezi, mu kombi ndi pamsika amalankhula Chindebele, koma kopeli amalemba m'Chichewa, chimene amayi ake amachitchabe Chinyanja. Pakhomo pawo chinenerochi chinatsala ndi ntchito zitatu: kupemphera, kudzudzula mwana alendo ali pomwepo, ndi kunong'onezana za ndalama ndi matenda. N'chifukwa chake nkhani ya Disembala wa 2024 inakambidwa yonse m'Chichewa, pakuti mwezi umenewo ndalama ndi matenda zinakumana patebulo limodzi.

Ngongoleyo anaitenga mu Febuluwale 2024. Nyumba yake ndi ya zipinda zinayi, yofanana ndi zambiri za m'madera akumadzulo kwa Bulawayo, ndipo mwini wake wakale anaitchula madola 25,000. Madola 10,000 anali atawasonkhanitsa pang'onopang'ono kuchokera ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, ku zovala zimene ankagulitsa Loweruka, ndi ku zimene mlongo wake wa ku Johannesburg ankatumiza. Otsalawo, madola 15,000, banki inamukongoza pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti pachaka, kuti abweze m'zaka 6. Munthu wa ku London kapena ku Cape Town, kumene ngongole ya nyumba imatenga zaka 20 kapena 25, angadabwe ndi kufupika kwa nthawiyi. Gwero lake lili m'malamulo a ndalama. Mu Okutobala 2023 boma la Zimbabwe linalengeza kuti dola ya ku America ipitiriza kugwira ntchito m'dzikomo mpaka kumapeto kwa 2030, ndipo okongoza sankafuna kuti ndalama zawo ziwoloke chaka chimenecho zili m'manja mwa wina.

Ntchito ya mayiyu ndi yowerengera ndalama, kotero masamu a ngongoleyo anawaona tsiku loyamba lomwe. Pa madola 317 a mwezi woyamba, 187 anali chiwongoladzanja. Amene anakhudza ngongole yeniyeniyo anali 130 okha. Akanati azingolipira zimene anamuuza, pofika 2030 akanakhala atapereka chiwongoladzanja choposa madola 7,800, ndiko kuti kupitirira theka la ndalama zimene anakongola. Koma chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yotsala, ndipo dola iliyonse yowonjezera imadula ngongoleyo patsinde, n'kuchepetsa chiwongoladzanja cha miyezi yonse yakutsogolo. Powonjezera madola 100 pamwezi, zaka 6 zimasanduka 4, ndipo madola pafupifupi 2,800 amapulumuka. Masamuwo analibe chinyengo. Anawalemba pa tsamba loyamba la kope, n'kudula mizere iwiri pansi pake.

Mawu a Chichewa onena za ngongole ndi aulemu kuposa zinthu zimene amanena. Chiwongoladzanja, pomveka pake, ndi kanthu kowongolera dzanja la amene anakuthandiza, ngati kuti wokongoza ndi mnansi amene anatopa pokupatsira. Chikole ndi chinthu chimene wokongola amasiya m'manja mwa wokongoza, koma ndi liwu lomwelonso limene limanena mphatso ya mnyamata kwa namwali amene akufuna kumukwatira. Liwu la Chingerezi lakuti mortgage lilibe ulemu wotere. Linachokera ku Chifalansa chakale, ndipo tanthauzo lake ndi chikole chakufa: pangano limafa ngongole ikatha, kapena chikolecho chimafa kwa mwini wake akalephera kubweza. Mayi wa ku Nkulumane sanaphunzire Chifalansa, koma imfa ziwirizi ankazidziwa bwino, ndipo moyo wake wonse wa chaka chimenecho unali liwiro lakuti yoyambayo ifike yachiwiri isanabwere.

Liwiro limeneli silinayambe ndi iye. Agogo ake aamuna anachoka ku Dedza mu 1955, m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nadutsa ku Tete ndi ku Mutoko monga anachitira anzawo ambiri, mpaka anapeza ntchito ya njanji ku Bulawayo. Anakhala ku Sizinda, pakati pa Anyasa anzawo ndi anthu a ku Chipata, m'nyumba imene inali ya ntchito. Nyumba ya ntchito ili ngati yunifolomu: tsiku lopuma ntchito umaivula. Kumudzi anali atawatcha kale mtchona, munda wawo unalimidwa ndi ena, ndipo sanabwerereko. Anagona ku manda a ku Luveve. Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma mwana wawo wamkazi, amene anabadwira ku Bulawayo mu 1958, ku Dedza sanakuonepo ndi maso, ndipo chitupa chake cha Zimbabwe chinali ndi chizindikiro chakuti ndi mlendo.

Chizindikirocho chinadzalemera mu 2001, pamene lamulo la unzika linasinthidwa, anthu obadwira mu Zimbabwe a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique n'kuuzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri a iwo sanapondeko. Ochuluka anataya mwayi wovota. Mu 2005, nyengo yozizira, kunabwera Murambatsvina. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linanena kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwira ntchito, kapena zonse ziwiri. Kanyumba kakuseri kamene banjali linkachita lendi ku Njube kanali m'gulu la zogwetsedwa. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Mdzukulu wa mtchona, amene panthawiyo anali ndi zaka 20, anaima pafupi ndi bedi ndi mapoto pabwalo, osadziwa kuti kumudzi kwake angakuloze mbali iti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzika kwa anthu otere, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Anali mawu abwino, koma mawu alibe denga. Denga limene palibe angakuchotsemo limafuna chikalata cha umwini, ndipo chikalata cha nyumba ya ku Nkulumane chinali chogwidwa ndi banki.

Panalinso phunziro lina limene dziko linam'patsa kawiri. Amayi ake anasunga ndalama m'buku kwa zaka zambiri, pogulitsa tomato ndi kusoka malaya. Kukwera kwa mitengo kwa 2008 kunazidya zonse, mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni. Pamene ndalama yakaleyo inkathetsedwa mu 2015, buku lililonse la ku banki lokhala ndi ndalama zosapitirira 175 kwadiriliyoni linasinthidwa ndi madola 5 a ku America. Amayiwo anatenga madola asanuwo n'kugula mafuta ophikira ndi sopo. Kachiwiri kanali mu Febuluwale 2019, pamene lamulo linanena kuti madola a m'mabanki ndi ngongole zake zasanduka ndalama ya m'dzikomo yotchedwa RTGS, dola imodzi kwa imodzi, ndipo isanathe miyezi ingapo ndalamayo inali itatha mphamvu. Munthu amene waona zotere sakhulupirira buku la ku banki. Amakhulupirira njerwa. Kwa mayiyu, madola 100 a mwezi uliwonse anali kusungitsa ndalama ku malo okhawo amene lamulo silingawasinthe dzina usiku umodzi. Ankakonda kunena mwambi wakuti papsa tonola, sudziwa mtima wa moto: lero dola ikugwira ntchito, lero ntchito ilipo, za mawa palibe akuzidziwa.

Koma madola 100 sagwa kumwamba. Bambo a ana ake anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo, mauthenga awo n'kumachepa mpaka anatha. Mdzukulu wa mtchona anasiyidwa ndi mtchona wa m'badwo wina. Malipiro onse a pakhomo ndi a iye yekha. Kuti ndalama yowonjezerayo ipezeke, anayamba ndi zosavuta: nyama kamodzi pa sabata, tsitsi kulukana okhaokha ndi mwana wake wamkazi, kutsika kombi imodzi n'kuyenda pansi mtunda wotsalawo. Zitapanda kukwana, anachita chimene sanauze munthu aliyense. Analeka kulipira inshulansi ya zachipatala, imene kumeneko amangoti medical aid. Anadziuza kuti ali ndi zaka 39, sanagonepo m'chipatala kupatula pobereka, ndipo zaka zinayi si zambiri.

Ntchito nayo inali itasanduka mtolo. Kale Bulawayo ankatchedwa koNtuthu Ziyathunqa, kofuka utsi, chifukwa cha mafakitale ake. Lero m'nyumba zina za mafakitale a ku Belmont mumamveka nyimbo za mapemphero m'malo mwa makina. Kampani ya mayiyu, yopikulitsa zakudya, inali m'gulu la zimene zikupumirabe. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, ndipo kumapeto kwa Seputembala inagwetsedwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Masitolo olembetsedwa ankayenera kutsata mtengo wa boma wosinthira ndalama, pamene timaokala ta m'misewu tinkagulitsa katundu yemweyo ndi madola okhaokha, motchipa, mpaka usiku. Ogula anachepa. Mu ofesi imene munali anthu asanu munatsala atatu, ntchito ili yomweyo, ndipo mitengo yonse inkafunika kuiwerengeranso nthawi iliyonse ndalama ikagwedezeka. Aliyense ankakumbukira chigamulo cha khoti lalikulu cha mu Julaye 2015, chimene chinalola olemba ntchito kuchotsa munthu pongomupatsa chidziwitso cha miyezi itatu, anthu zikwizikwi n'kutha ntchito m'masabata ochepa. Ngakhale lamulolo linakonzedwa pambuyo pake, mantha ake anatsala. Palibe amene ankafuna kuoneka woyamba kunyamula chikwama madzulo.

Akafika kunyumba usiku, ntchito ina inkamudikira. Chaka chimenecho chinali cha chilala, madamu a ku Umzingwane ndi Ncema anali ataphwa, ndipo mipopi ya mumzindamo inkakhala youma masiku ambiri pa sabata. Madzi akabwera pakati pa usiku, ankadzuka kudzaza zidebe. Kugona kwake kunali maola anayi kapena asanu. Mutu unkamupweteka kunkhongo, koma ankati ndi kutentha kwa Okutobala.

Lachiwiri lina la mwezi womwewo, ali pa kompyuta, manambala anayamba kusambira m'maso mwake, dzanja lamanzere n'kuchita dzanzi. Mnzake wa pa desiki yoyandikana anamuperekeza kuchipatala. Namwino anamuyeza kawiri, n'kuitana dokotala osanena kanthu. Makina ankasonyeza 182 pa 114. Dokotalayo anamufotokozera mosabisa: kuthamanga kwa magazi ndi matenda amene nthawi zambiri sapweteka, amangogwira ntchito yake mwakachetechete pa mtima, pa impso ndi pa mitsempha ya mu ubongo, mpaka tsiku lina munthu amadzuka mbali imodzi itafa. Mankhwala ake sachiza ayi, amangoweta matendawo, kotero amamwedwa tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene munthu akumva bwino. Anamulembera mitundu iwiri ya mapiritsi, kuyezetsa magazi ndi impso, ndi masiku asanu opuma. Zonsezo anayenera kulipira ndi ndalama za m'thumba. Pa masiku asanuwo anapuma awiri.

Pa 25 Okutobala, m'danga la "Zanga" analembamo 100. Pa 25 Novembala analembanso 100. Mmene anachitira zimenezi anadziwa yekha: za impso sanakayezetse, ndipo mapiritsi anayamba kumwa modumphitsa, lero inde, mawa ayi, kuti botolo la mwezi umodzi lifike miyezi iwiri. Mankhwala a shuga a amayi ake sanawakhudze; dzanja lake linkangolowa m'botolo lake lokha.

Kumayambiriro kwa Disembala kunamveka mphekesera yakuti kampani ichepetsanso antchito mu Januwale, ndipo bonasi idzakhala theka. Pa nthawi ya nkhomaliro mayiyu anapita ku banki ndi funso limene ankaganiza kuti yankho lake akulidziwa. Kuyambira Malichi mpaka Novembala anali atawonjezera madola 900. Ngati ntchito itatha, kapena atadwala miyezi ingapo, kodi ndalama imeneyo singaimire miyezi imene walephera? Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, n'kumuyankha mwaulemu kuti malinga ndi pangano lawo, zowonjezera zimachepetsa ngongole ndi kufupikitsa nthawi, koma madola 317 amafunikabe mwezi uliwonse. Mwezi wodumphidwa umawerengedwa kuti ndi wodumphidwa, kaya munthu anali patsogolo motani. Ndipo ndalama yolowa mu ngongole situlukanso.

Ali mu kombi yobwerera, anawerengera mumtima. Madola 900 ndi pafupifupi miyezi itatu ya "Zawo". Akanakhala nawo m'manja, akanatha kudwala kapena kusowa ntchito miyezi itatu nyumba ili chiimire. Tsopano anali m'khoma, ndipo khoma silidyedwa, siligula mapiritsi, silibwezera mwezi wodumphidwa. Iye ankaganiza kuti akugula chitetezo. Chimene ankagula chinali nthawi, ndipo nthawiyo inali ya 2028, osati ya Januwale amene ankabwerayo. Masamu a pa tsamba loyamba anali oona, koma anali masamu a munthu amene sadwala ndiponso sachotsedwa ntchito.

Kenaka Disembala weniweni anafika. Amene sanakhalepo ku Bulawayo mwezi umenewu sangadziwe mmene mzindawo umasinthira. Misewu imadzaza ndi galimoto za manambala a GP. Injiva, ana a mzindawo amene amagwira ntchito ku South Africa, amabwera ndi nyimbo zaphokoso ndi ndalama za chaka chonse zoti zithe m'masabata awiri. Omalayitsha amakoka ngolo zodzaza mafiriji, mabedi ndi matumba a mpunga kuchokera ku Beitbridge. Pa 22 pali tchuthi cha Unity Day, pa 25 Khirisimasi, pa 26 tchuthi china, ndipo kuseri kwa zonsezi kumabisala Januwale ndi fizi, yunifolomu ndi mabuku. Mwana wa mnansi akavala nsapato zatsopano, wako amangoyang'ana pansi osanena kanthu, ndipo kusanenako n'kumene kumapweteka.

Chaka chimenecho panali chinanso. Inali Khirisimasi yoyamba m'nyumba yawoyawo. Zaka zonse za lendi, abale sankabwera ambiri, chifukwa mwini nyumba amawerenga alendo, amawerenga zidebe za madzi ndi maulendo a kuchimbudzi. Tsopano uthenga unali utayenda pa WhatsApp: azakhali a ku Hwange, asuweni a ku Tshabalala, mlongo wake ndi banja lake kuchokera ku Johannesburg, onse pamodzi anthu 14. Nyumba ikakhala yako, alendo nawonso amakhala ako. Mayiyu analemba mndandanda: mpunga, nkhuku zinayi, mafuta, Mazoe, buledi, nsapato za ana, fizi ya Januwale. Anauwerengera katatu, ndipo katatu konse "Zanga" sizinkalowamo. Anaganiza zolemba uthenga wakuti chaka chino zavuta, abwere chaka chamawa. Anaulemba, koma sanautumize.

Mlongo wake anafika pa 21. Usiku, ana atagona, anaona kopelo patebulo n'kulitsegula.

"Achemwali, mwaiwala 2019? Amene anali ndi ngongole za madola nthawi imeneyo anabweza ndi ndalama yopanda mphamvu. Ena anamaliza nyumba ndi mtengo wa firiji. Amene anafulumira kubweza ndi amene analira. M'dziko muno wangongole safulumira. Dikirani, 2030 ikubwera."

Sikuti ankanama. Ngakhale khoti lalikulu, pa mlandu wa Zambezi Gas mu Januwale 2020, linatsimikiza kuti ngongole zakale za madola zibwezedwe m'ndalama ya m'dzikomo, imodzi kwa imodzi. Kawiri konse, mu 2008 ndi mu 2019, wosunga ndiye anataya ndipo wokongola anapuma.

"Achimwene," anayankha mayiyu, "inu mukuti ndidikire lamulo. Ine lamulo linandipeza kale, ndipo nthawi zonse limandipeza ndili mbali yolira. Sindingaike denga la amayi pa juga."

Amayi awo anali pa mpando wa pakona, akusenda mtedza, ngati kuti sakumva. Anadikira mpaka mwana wamwamunayo atatuluka kukatseka galimoto.

"Iwe mwanawe, mapiritsi ako ali kuti?"

"Alipo, amayi."

"Ndikudziwa kuti alipo. N'chifukwa chake ndikufunsa. Botolo udagula kuchiyambi kwa Novembala, lero ndi Disembala akutha, ndipo m'botolomo mukadali mapiritsi. Maso anga adafooka, koma kuwerenga sindidaiwale."

Mayiyu sanayankhe.

"Atate anga adamwalira opanda nyumba, ndidalira. Ku Njube adatigwetsera nyumba, ndidalira. Koma sindifuna kudzalira mwana wanga m'nyumba yolipiridwa. Ukagwa iwe, 317 yawoyo apereke ndani? Ine ndi tomato? Umakonda kunena kuti papsa tonola. Amene adanena zimenezo ndi omwewonso adati sunga khosi, mkanda uwoneke. Nyumbayi ndi mkanda, mwanawe. Khosi ndiwe."

Miyambi iwiriyi siitsutsana monga imamvekera. Woyamba umanena za moto umene sudziwa mtima wake, ndipo mu Zimbabwe moto umenewo ndi weniweni: ndalama imasintha dzina, ntchito imatha, malamulo amatembenuka. Wachiwiri umanena za chinthu chokhacho chimene zonsezo zimadalira. Pa pangano la ngongole panalembedwa kuti chikole ndi nyumba, koma banki sinakongoze nyumbayo; inakongoza malipiro a mayiyu, ndipo malipirowo amachokera m'mutu, m'maso ndi m'mitsempha yake. Chikole chenicheni chinali thupi lake. Podumphitsa mapiritsi ankagumula maziko kuti apeze njerwa zomalizira denga.

Pa 23 Disembala anapita ku famase n'kugula mankhwala a miyezi itatu, ake ndi a amayi ake, nakalembetsa tsiku loyezetsa impso. Mndandanda wa Khirisimasi anaudula mopanda manyazi. Anauza abale pa WhatsApp kuti nyumba ndi yotsegula, koma aliyense abwere ndi kanthu m'manja: azakhali anabwera ndi nkhuku ziwiri zamoyo, asuweni ndi kabichi ndi zakumwa, mlongo wake anagula mpunga ndi nsapato za ana a mlongo wake, monga amalume ayenera kuchitira. Fizi ya Januwale anaiika mu envelopu n'kuwapatsa amayi ake kuti asunge, podziwa kuti m'manja mwawo simutuluka kanthu.

Tsiku la Khirisimasi, atabwera ku mapemphero a CCAP, anthu 14 anadya pabwalo, pansi pa mthunzi wa mtengo wa mapeyala umene mwini nyumba wakale anadzala. Madzi kumpopi kunalibe, ndipo ana anapanga mzere wa zidebe kupita ku mjigo. Azakhali a ku Hwange anayenda chipinda ndi chipinda, akugwira makoma ndi chikhatho, n'kuima pakhomo la kukhitchini. Anatchula dzina la atate awo amene anagona ku Luveve, n'kunena m'Chinyanja chakale kuti mdzukulu wawo wapeza pamudzi. Palibe anawerenga alendo. Usiku, amuna anagona pabalaza, akazi ndi ana m'zipinda, ndipo nyumba imene kwa miyezi khumi inali manambala a m'kope inamveka kupuma kwa anthu.

Madzulo omwewo, popeza linali tsiku la 25, mayiyu anatulutsa kope. M'danga la "Zawo" analemba 317. M'danga la "Zanga" cholembera chinaima kanthawi, kenaka analemba ziro, koyamba chiyambire. "Zotsala" zinali 12,670. Sanamve mtendere monga nkhani zotere zimakonda kunenera. Anamva ngati munthu amene waphonya basi imene ankaithamangira, n'kukhala pansi chifukwa miyendo yakana. Koma anamwa mapiritsi ake onse awiri asanagone.

Januwale anabwera ndi zake. Mu ofesi munachoka munthu mmodzi, ndipo sanali iye. Amene anachokayo anali mnzake uja anamuperekeza kuchipatala. Ntchito ya atatu inatsalira awiri. Impso zinapezeka zili bwino, BP inatsika kufika pa 138 pa 88, ndipo dokotala anati ulendo udakalipo. Za 2030 palibe amene akudziwa, ndipo mlongo wake akhoza kudzapezeka kuti ankanena zoona.

Pa tsamba la mwezi umenewo mayiyu anatenga rula n'kudula danga lachinayi. "Zanga" zinatsika kufika pa 40. Madola 60 otsalawo analowa m'danga latsopanolo: choyamba mankhwala, chotsala n'kusungidwa pamalo amene akudziwa iye ndi amayi ake, mpaka chidzakwane miyezi itatu ya "Zawo". Akudziwa kuti ndalama yosunga pakhomo ili ndi adani ake, monga ya ku banki ili ndi ake. Anangosankha mdani amene angathe kumuyang'anira. Anawerengeranso masamu onse. Ngongole imene inkayenera kutha mu Febuluwale 2028 tsopano idzatha mu Disembala chaka chomwecho. Kusiyana kwake ndi miyezi 10.

Mwana wake wamkazi, amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chindebele, anasuzumira pa phewa lake n'kufunsa tanthauzo la liwu limene linalembedwa pamwamba pa danga latsopanolo. Agogo ake, ali pa mpando wa pakona, sanadikire kuti mayiyo ayankhe. Anakweza dzanja n'kudzigwira pakhosi.